Magalasi tolani, mikanda isiyeni

Anzanga a mu sitafu rumu mwandiseka mokwanira, tsopano ndiloleni nane ndiyankhe. Chiyambireni teremu ino, aliyense wolowa amayamba wagwedeza kabotolo kamene kali pa desiki yanga, kenako n'kufunsa kuti, "Achimwene, zoona munawononga ndalama ya thiransipoti mpaka ku Mozambique kukatola mabotolo osweka? Kuseri kwa bala ya pamsika paja atha?" Wina anafika ponena kuti choko chandilowa m'mutu.

Inde, ndinapita kukatola mabotolo osweka, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Chimene ndikuchita nacho manyazi ndi china chimene ndinabwera nacho pa ulendo womwewo, chimene simunachione chifukwa chili m'dirowa kunyumba. Ndifika kumeneko, koma tiyambe ndi mabotolo anuwo.

Amene anayambitsa zonsezi ndi mmodzi wa inu ana anga akale. Sinditchula dzina, akudziwa yekha. Anali wovuta mu Fomu 3, lero amayendetsa thiraki kupita ku doko la Nacala. Tsiku lina anandipeza kunyumba n'kunditambasulira dzanja. M'dzanjamo munali kanthu kobiriwira, kosalala m'mbali monse, kotuwa pamwamba ngati switi imene mwana wayamwa n'kuilavula. Anati, "Aphunzitsi, munkatizunza ndi mitundu ya miyala mu Geography. Uwu ndi mwala wanji?" Ndinautembenuza, ndinauyang'ana padzuwa, ndinatchula mayina awiri atatu a m'buku. Iye kuseka mpaka misozi. Linali botolo. Analitola m'mbali mwa nyanja pa chilumba cha Ilha de Moçambique, tsiku limene ankadikira katundu n'kuganiza zokaongola miyendo kumeneko.

Kulephera mayeso pamaso pa mwana wako wa sukulu kumawawa. Choncho pa tchuthi chachitali, pamene ndinapita kukaona abale a malemu agogo ku Nampula, ndinapatula masiku atatu a chilumbachi. Ndinadzera pa Muloza, Milange, Mocuba mpaka Nampula, ndipo za ulendo umenewo msana wanga ndi umene ungafotokoze bwino. Kuchoka ku Nampula kukafika pa chilumbachi ndi makilomita pafupifupi 180, pa minibasi zimene kumeneko amazitcha chapa.

Chilumbacho n'chaching'ono moti mungadabwe kuti dziko lonse la Mozambique linatenga dzina pamenepo. M'litali ndi makilomita atatu okha, m'lifupi sichipitirira theka la kilomita. Mumalowa pa mlatho wautali kuposa chilumbacho, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1960, wopapatiza moti galimoto zimadikirana m'timalo topatukira. Chakummwera kuli nyumba za anthu wamba zothithikana, dera lotchedwa Macuti potengera masamba a kokonati amene ankafolerera. Chakumpoto kuli nyumba zamiyala za Apwitikizi, zina zokonzedwa bwino, zina mitengo itamera m'kati. Kumapeto kwenikweni kuli linga la São Sebastião, limene anayamba kumanga mu 1558, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka mu 1522. Vasco da Gama anafika pano mu 1498 n'kupeza amalonda Achiswahili ndi Aluya akuchita kale malonda. Likulu la Apwitikizi linakhala pano mpaka 1898 pamene linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991. Anthu ake amalankhula Chimakuwa, ndipo Chilomwe chochepa chimene ndinatola kwa agogo chinandithandiza pa moni ndi pofunsa madzi.

Ife a ku Malawi tikamva kuti nyanja timaganiza za yathu, imene imakhala pomwe munaisiya dzulo. Ya mchere siitero. Kawiri pa tsiku madzi amathawa kupita kutali, n'kusiya mabwato atagona chammbali pamchenga, ndipo kawiri pa tsiku amabwerera. Ndakhala ndikujambula mwezi ndi dziko pa bolodi zaka zambiri pophunzitsa zimenezi, koma m'mawa woyamba ndinaima kukamwa kuli yasa ngati mwana wa Fomu 1. Nthawi yotola magalasi ndi imeneyo, madzi akaphwa, makamaka masiku amene mwezi uli wathunthu kapena wangokhala kumene, poti ndi pamene amathawa kwambiri. Mumayenda pang'onopang'ono motsata mzere umene mafunde asiyapo timiyala ndi zigoba, mutawerama ngati mayi wofuna singano. Ola loyamba sindinaone kanthu. Maso anga ankafuna chinthu chonyezimira, pomwe galasi la m'nyanja silinyezimira likauma. Nditatola loyamba, ena anayamba kuoneka paliponse, ngati bowa.

Mmene limapangikira ndi nkhani imene aphunzitsi a Chemistry ndi a Geography ayenera kugawana. Galasi la botolo amalipanga posungunula mchenga pamodzi ndi soda ndi laimu. Botolo likasweka n'kugwera m'nyanja, mafunde amaligubuduza pa mchenga ndi miyala usana ndi usiku, mpaka nsonga zonse zocheka zija zitatha. Nthawi yomweyo madzi amasungunula pang'onopang'ono soda wa pamwamba pa galasilo, n'kusiya timaenje ting'onoting'ono, ndiye kutuwa kuja. Ntchito imeneyi siya mwezi umodzi, imatenga zaka makumi angapo. N'chifukwa chake a bala ya pamsika sangatithandize, achimwene. Galasi lawo likhoza kukuchekani phazi, langali mwana wakhanda akhoza kulifumbata. Ku nyanja yathu, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, mukhoza kupeza losalala ndithu, koma madzi opanda mchere salituwitsa kwambiri chotere.

Mitundu nayo ili ndi nkhani yake. Obiriwira, a khofi ndi oyera ndi ambiri, chifukwa ndiwo mabotolo a mowa, vinyo ndi zakumwa zina. A buluu woderapo ndi osowa, ndipo mtundu umenewo umachokera ku cobalt, amene ankagwiritsidwa ntchito m'mabotolo a mankhwala. Ofiira ndi osowa koposa, poti kale ankathiramo golide pang'ono kuti galasi lifiire. M'masiku atatu ndinapeza abuluu awiri, lofiira ngakhale limodzi ayi.

Tsono amene mukuti ndinataya ndalama, bwerani mudzaone kalasi yanga tsiku limene tikuphunzira mmene mafunde amaperesera miyala. Zaka zonsezi ndimalemba tanthauzo pa bolodi, ana amakopera, amaloweza, amalemba pa mayeso, n'kuiwala asanatuluke pa geti. Teremu ino ndinaika m'dzanja la mwana aliyense zidutswa ziwiri, china cha botolo losweka dzulo, china cha ku Ilha. Sindinalankhule kwa mphindi zisanu. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene chiyambireni sanakwezepo dzanja, ndi amene anafunsa kuti, "Nanga miyala yozungulira ya mu mtsinje wa kwathu, nayonso inali ndi nsonga?" Funso limenelo lokha labweza ndalama ya thiransipoti. Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti tilibe zipangizo zophunzitsira, ndipo n'zoona tilibe, koma zina mwa izo timaziponda ndi mapazi.

Ndiponso botolo losweka silisowa kwa mwini. Ndi chinyalala chimene munthu anataya, nyanja n'kuchikonza. Mukatola dzanja limodzi simunalande munthu kanthu, simunafafanize mbiri ya wina aliyense. Mpaka apa mlandu ndapambana.

Tsopano za m'dirowa zija.

Tsiku lachiwiri, ndili chowerama pafupi ndi linga, anandipeza anyamata awiri a msinkhu wa Fomu 2. Anayang'ana zimene zinali m'chipewa changa n'kusekana, monga momwe inu mukuchitiramu. Kenako mmodzi anatulutsa m'thumba timikanda tovekedwa pa ulusi wa nsomba. Tinali tating'ono ngati mapira, tofiirira ngati njerwa, tabuluu, tachikasu, toyera, tonse totuwa ndi toperepeseka ngati magalasi anga. Wina anali ndi tizidutswa ta mbale zoyera zojambulidwa maluwa abuluu. Ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka ndi manja tinamvana kuti amazitola mumchenga madzi akaphwa, ndipo amati n'zochokera m'zombo zimene zinamira kalekale. Aliyense wofika pa chilumbachi amakumana nawo anyamata otere. Mwina si mkanda uliwonse umene amagulitsa uli wakale, wamalonda ndi wamalonda, koma yambiri imaoneka kuti yakhalitsa m'madzi.

Ndinanenerera mtengo monga Mmalawi aliyense, ndinagula chingwe chimodzi, n'kuchoka ndikudzitama kuti mayi a kunyumba akondwa. Ndalama yake siikanakwana ngakhale nkhuku.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ine ndimaphunzitsanso History, ndipo ndinayamba kukumbukira zimene ndimauza ana chaka ndi chaka. Mikanda yagalasi ndi nsalu ndizo zinali ndalama za malonda a pakati pa gombe ndi kumtunda kuno. Amaravi ankabweretsa minyanga ya njovu kugombe limeneli, ndipo m'zaka za m'ma 1700 Ayao ndi amene anatchuka pa njira imeneyi, akuyenda wapansi kuchokera cha ku nyanja yathu mpaka ku Mossuril, kumtunda koyang'anizana ndi chilumbachi. Pambuyo pa minyanga panabwera anthu. Mu December 1794 chombo chotchedwa São José chinanyamuka pa chilumba chomwechi ndi akapolo oposa 400 kupita ku Brazil, n'kukasweka pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anawagulitsa konko. Chimenecho ndi chombo chimodzi chokha mwa zambiri. Mikanda imene ndinali nayo m'thumba ndi mtundu wa katundu amene ankasinthanitsa ndi minyanga, ndi golide, ndiponso ndi ana a anthu. Ine ndinainenerera ngati tomato.

Pali chinanso. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi zidutswa za mbale za ku China. Zinthu zimenezi zimatiuza kuti makolo athu sanali otsekeredwa m'tchire kudikira Livingstone, ankachita malonda ndi dziko lakutali. Koma zimatha kutiuza zimenezi chifukwa zinapezeka pamalo pake, pakuya pake, pambali pa mapale ndi mafupa amene akatswiri angayeze zaka zake. Mikanda yomweyo akanaitola mwana woweta mbuzi n'kuigulitsa kwa mlendo wodutsa pa msewu wa ku Salima, lero ikanakhala m'khosi mwa munthu ku London, yokongola ndithu, koma yosalankhula kanthu. Chinthu chakale chili ngati mboni ya mlandu. Mukaichotsa pamalo pamene inaonera zinthu, n'kuiwala kumene munaitenga, umboni wake watha.

Ndikudziwa zimene ena a inu munene, chifukwa ndinadziuza ndekha zomwezo usiku uja pofuna kugona.

Choyamba munena kuti mikanda ya pagombe nyanja inaisuntha kale, siili pamalo pake ngati ya ku Mankhamba, ndiye palibe chimene chatayika. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, sindikana. Koma ngakhale yosunthidwayo imanena kanthu. Gombe limene mikanda ya mtundu wina imatuluka yambiri limaloza kumene chombo chagona kapena kumene kunali doko. Ndipo vuto lalikulu ndi ili: wogula akachuluka, wotola sadikiranso mafunde. Amayamba kukumba. Lero akumba mumchenga, mawa m'mphepete mwa khoma lakale, mkuja amira pansi pa madzi pamene pali chombo. Ndalama yanga yochepa ija inali uthenga kwa anyamata aja woti pitirizani, msika ulipo.

Chachiwiri munena kuti anyamatawo ndi osauka, ndipo mphunzitsi wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, kaya achepe bwanji, alibe ufulu wowauza kuti agone ndi njala chifukwa cha History. Apa ndiye pamene pamandipweteka, chifukwa ndi zoona. Mphepo ya mkuntho ya Gombe inawononga kwambiri dera limeneli mu March 2022, ndipo ife amene tinaona Freddy mu 2023 tikudziwa mmene banja limakhalira zikatero. Ine anyamatawo sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Mlandu ndi wanga, wogula, amene ndimadziwa. Ndipo njira ina inalipo, ndinaiona tsiku lachitatu. Ndinawapezanso n'kuwapempha kuti andiyendetse gombe lonse, andionetse pamene pamatuluka chiyani. Amadziwa chilumba chawo kuposa buku lililonse. Amadziwa mbali imene magalasi amachuluka mphepo ikaomba chakuti, amadziwa nthawi ya madzi popanda wotchi. Ndinawalipira kuposa mtengo wa mikanda ija, ndipo chimene anandigulitsa tsiku limenelo akhoza kugulitsanso mawa kwa mlendo wina osachepetsa kanthu. Mikanda ikatha yatha, zombo zobweretsa ina sizikubweranso.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene amakonda anzanga a ndale mu sitafu rumu, munena kuti azungu atenga zochuluka, chingwe chimodzi cha Mmalawi n'chiyani. N'zoonadi atenga. Kampani ina ya ku Ulaya inapatsidwa chilolezo chovuula katundu m'zombo zomira pafupi ndi chilumbachi, ndipo mu 2004 mbale za ku China zochokera m'chombo chimene chinamira pafupi ndi linga lija zinagulitsidwa pa okushoni ku Amsterdam. Akatswiri a mbiri anadandaula kwambiri, ndipo patapita zaka ntchitoyo inaimitsidwa. Koma taganizani. Ife ndife amene timakalipa m'kalasi za zinthu za Afirika zimene zili m'nyumba zosungira zakale za ku Ulaya, ife ndife amene timafuna kuti chigaza cha ku Kabwe chichoke ku London chibwerere ku Zambia. Ndiye ine ndiwoloke malire, ndikachite zomwezo kwa mnansi, n'kudzikhululukira poti ndatenga pang'ono? Wakuba nkhuku ndi wakuba ng'ombe amasiyana chindapusa chokha. Mozambique ili ndi lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe chake kuyambira 1988, monga ifenso tili ndi Monuments and Relics Act. Pa chipata palibe amene anandisecha, koma kusasechedwa si chilolezo.

Ndivomere kuti malire pakati pa chinyalala ndi mbiri sakhala oonekera nthawi zonse. Botolo la lero ndi mbiri ya mawa, ndipo pa chilumba chimene zombo zakhala zikuima zaka zoposa 500, si galasi lililonse limene lili la dzana. Tsiku lomaliza ndinapeza tako la botolo lochindikala, looneka lakuda bii, koma ukaliloza kudzuwa limaonetsa kubiriwira ngati masamba a nkhwani ophikidwa. Magalasi otere ndi a mabotolo akale a vinyo ndi kachasu wa azungu, a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Dzanja linafuna, sindinama. Ndinalijambula ndi foni, ndinaliika pomwe linali. Lamulo limene ndinadzipangira ndi losavuta: ngati chinthu chingauze katswiri za nthawi yake kapena kumene chinachokera, kaya ndi mkanda, kaya phale la mbale, kaya ndalama yachitsulo, kaya botolo lokhala ndi zilembo zakale, si changa. Ngati ndi kachidutswa kobiriwira kopanda dzina ngati zikwi zinzake, ndikhoza kutola, ndipo dzanja limodzi likwana. Sindikunena kuti lamulo langali ndi langwiro. Ndikungoti ndi labwino kuposa limene ndinali nalo tsiku lachiwiri, loti chilichonse chokongola ndi chotchipa n'changa.

Ndalemba zonsezi osati chifukwa choti mawa nonse mukwera chapa kupita ku Ilha. Ambiri simudzapitako. Koma nkhani yomweyi ili pakhomo pathu. Ana athu polima amafukula mapale, mikanda, zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo. Ku Chongoni, kumene UNESCO inakuzindikira mu 2006, kuli zojambula za pamiyala zimene anthu ena amalembapo mayina awo ndi makala. Mwana akabwera ndi phale kusukulu, ambiri a ife timachita chimodzi mwa ziwiri, kumuuza kuti akataye zauve, kapena kulilandira n'kuliika pa windo la ofesi mpaka litasowa. Ndi angati amene timamufunsa kuti walipeza pati, pakuya bwanji, pambali pake panali chiyani, n'kulemba m'kope, n'kudziwitsa a nthambi ya boma yoona zinthu zakale? Ine sindinachitepo. Pa windo langa padutsa mapale osachepera asanu, ndipo lero sindingakuuzeni munda ngakhale umodzi umene anachokera.

Mikanda ija mayi a kunyumba sanaivale. Nditawafotokozera anangoti fungo la nkhani yake silikuwasangalatsa, ndiichotse m'chipinda chogona. Ndinaganizapo zoipititsa m'kalasi pophunzitsa za malonda a akapolo, poti ingagwire ntchito ngati magalasi aja. Koma ndikudziwa funso loyamba limene ana anga adzafunse, chifukwa ndinawaphunzitsa ndine kufunsa: "Aphunzitsi, mwaitenga kuti, ndipo anakupatsani ndani?"

Pa chilumbacho pali nyumba yosungira zinthu zakale, m'nyumba yofiira imene kale inali ya bwanamkubwa, yotchedwa Palácio de São Paulo, ndipo muli gawo la zinthu zovuulidwa m'nyanja. Mnyamata wanga wa thiraki uja wati adutsa kuno mwezi wamawa popita ku Nacala. Ndamuuza kuti ali ndi homuweki. Envelopu ndamata kale, ndipo m'katimo ndaikamo kapepala konena tsiku limene ndinagula, mbali ya gombe imene anyamata aja anandilozera, ndi mawu awiri opepesa amene ndasaka mu dikishonale ya Chipwitikizi.